A Kovariki ndi Makasu a ku Namisinje

Kokerani mbaulayo pakati kuti tonse tiwothe, chifukwa nkhani iyi simveka bwino munthu akunjenjemera kale. Ine ndine Wyson Namakhwa, telala wa pa Chitakale, ndipo zimene ndikuuzenizi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinalipo.

Chaka chimenecho kuno ku Mulanje kunabwera anthu ojambula kanema. Wotsogolera wawo anali mayi Chikopa, mwana wa ku Thyolo koma wokhala kunja, ndipo kanema wawo anali wa nthawi ya thangata, pamene makolo athu ankalima minda ya azungu mokakamizidwa. Anabwereka nyumba yakale ya pa esiteti ya Namisinje, ija ya khonde lalitali yoyang'ana kuphiri. Ine anandilemba ntchito yosoka zovala: ziguduli makumi anayi za anthu olima, ndi jekete limodzi la khaki la bwana.

Mwini jeketelo anafika Lachiwiri. Anali nkhalamba yayitali, yowerama pang'ono, ya nsidze zambiri ngati udzu wa patsindwi. Dzina lawo linali Harlan Kovarik, wa ku Amereka, koma ife tinkangoti a Kovariki. Nditawaona ndinangoima, tepi yoyezera ili m'manja.

"Bambo, inetu ndinakuonanipo penapake," ndinatero m'Chingerezi changa cha Fomu 2.

Anaseka. "Aliyense amatero, a Namakhwa. Munandiona ndikugulitsa mowa, kapena ndili wapolisi wogona pantchito, kapena woweruza milandu wolusa. Nkhope mukuidziwa, dzina ayi. Musadandaule, ndinazolowera."

Pamene ndinkawayeza mapewa anandiuza mbiri yawo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Bambo awo ankagulitsa nyama m'tauni ina yozizira ya ku Ohio, ndipo iwo anathawa mpeni ali ndi zaka makumi awiri n'kupita kukasewera zisudzo. Makanema amene anaonekamo anapitirira mazana awiri, koma sanakhalepo mwini nkhani ngakhale kamodzi. Iwo anali uja wotsegula chitseko, uja wobweretsa uthenga woipa, uja womenyedwa kuti mwini nkhani aoneke wamphamvu.

"Ndaphedwa kamakumi anayi ndi kamodzi," anatero akuwerenga zala. "Kuwomberedwa, kuponyedwa pawindo, kamodzi kudyedwa ndi ng'ona ya pulasitiki."

Ntchito ikasowa ankayendetsa takisi ndi kupenta nyumba za anthu. Akazi awo atamwalira anaika maliro Loweruka, Lolemba anali atafika kale pantchito.

Mbali yawo m'kanemayu inalinso yaing'ono: bwana wankhanza wa pa esiteti, wooneka kasanu kokha. Panali mawu ochepa a Chichewa oti anene, ndipo mayi Chikopa anati angowatafuna basi, popeza azungu akale ankatero. A Kovariki anakana. Anakhala pambali pa makina anga masiku atatu, ine ndikusoka, iwo akubwereza mpaka lilime linawongoka: "Kuntchito nonse! Asaweruke munthu ndisananene!"

Tsiku loyamba kujambula linali la mmawa wozizira. Anthu makumi anayi a m'midzi yozungulira anavala ziguduli zanga, makasu paphewa. A Kovariki anatuluka pakhonde, n'kumenya chitsulo cha njanji chimene chinapachikidwa pamtengo. Anakweza mawu. Sanalinso nkhalamba yoseka ija. Mawuwo anatsika phiri lonse, n'kubwerera.

Agalu onse a kumakomboni anauwa nthawi imodzi. Kenako anangoti zii, onse pamodzi, ngati wina wawatseka pakamwa.

Tinajambula anthu akulima pamunda wa kuseri kwa nyumba. Mayi Chikopa atanena kuti zakwana, onse anaika makasu pansi n'kuyamba kuseka ndi kufunsa za tiyi. Koma wojambula mawu anakhalabe pampando wake, zomvera zili m'makutu, nkhope itakwinyika.

"Ndani akulimabe?" anafunsa.

Tinayang'ana uku ndi uku. Panalibe.

"Ine ndikumva makasu," anatero. "Ambiri kuposa awa."

Anavula zomvera zija n'kuzipukuta, ati mwina chinyontho chalowa m'makina.

Makasu ndi zovala zinkagona m'chipinda chimodzi, ndipo kiyi ankakhala m'thumba mwanga. Mmawa wotsatira makasu asanu ndi limodzi panalibe. Loko anali wokiya bwinobwino. Ndinakauza a Muhaniwa, kapitawo wa pa esitetipo, amenenso anali mkulu wa mpingo, munthu wosakonda nkhani zamasalamusi. Anati ndi akuba, awapeza. Anabwera masana atanyamula makasu onse asanu ndi limodzi, ali ndi dothi lofiira laliwisi. Anawaika pansi osandiyang'ana.

"Munawapeza kuti, akapitawo?"

"Kumunda wa kumunsi."

"Kuthengo kuja? Kumene kuli miyala ikuluikulu kuja?"

"Musoke zovala zanu, a Namakhwa," anatero, n'kuchoka.

Mawa lake anasowa khumi ndi limodzi. Tsiku lachitatu chipinda chinali mbee, makasu onse kulibe. Ndinatsika ndekha kukaona. Munda wa kumunsi unali tchire la minga m'mbali mwa mtsinje, losalimidwa chibadwire changa. Tsopano chigawo chake chinali chitalambulidwa, mizere itaunjikidwa yowongoka ngati yoyezera chingwe. Makasu anali atagona m'mizeremo. Panalibe phazi la munthu ngakhale limodzi padothi lofewalo. Ndinagwira mpini umodzi, unali wofunda. Ndinausiya pomwepo.

Madzulo a tsiku limenelo ndinakwera galimoto limodzi ndi a Kovariki kubwerera kumene ankagona. Dzuwa linali litangolowa, kukadaoneka. Pakona ya mabulugamu tinakumana ndi anthu, mwina khumi, akuyenda mondondozana m'mbali mwa msewu. Ataona galimoto anatsikira m'ngalande, n'kugwada, nkhope pansi. A Kovariki anali akadavala jekete la khaki lija. Anawabayibitsa mokondwa.

"Anthu anu aja sanabweze zovala lero?" anandifunsa.

Ziguduli zonse makumi anayi ndinali nditaziwerenga ndi manja anga n'kuzikiyira. Komanso telala amadziwa msoko wake. Zimene anavala anthu ajazo sizinasokedwe ndi makina. Zinali zomangidwa ndi luzi.

Dalaivala anayang'ana pagalasi la kumbuyo, n'kuponda mafuta.

Kuyambira pamenepo anthu osewera nawo anayamba kuchepa. Wina ati mwana wadwala, wina ati kuli maliro ku Muloza. Azimayi ophikira gululo anati madzi a mumgolo akumatha okha masana, zikho n'kupezeka zitandandalikidwa pansi mwadongosolo. A Kovariki okha ndi amene ankafika nthawi yake, mawu awo ali pamtima. Koma nawonso anasiya nthabwala.

Lachisanu ndi pamene zinafika pa munthu wamoyo. Felesiya, mpongozi wa a Muhaniwa, mayi wa khanda la miyezi inayi, anali mmodzi mwa osewera aja. Kutacha anapezeka kulibe m'nyumba, mwana akulira pamphasa. Anakamupeza kumunda wa kumunsi akulima, maso ali otsegula koma osaona munthu. Manja anali atachita matuza, matuzawo ataphulika. Mwamuna wake anamugwira mkono.

"Amake mwana, tiyeni kunyumba."

"Sanatiuze kuweruka," anayankha Felesiya, khasu osaimitsa.

Anamunyamula amuna anayi. Anamutsekera m'nyumba, a mpingo anabwera kudzapemphera, anaimba mpaka mawu kusasa. Masana anapezeka alinso kumunda, chitseko chili chitsekere. Loweruka anawonjezekera awiri, bambo wina wa ku Nessa ndi mlongo wake. Sankadya, sankamwa. Ankalima motalikirana, pakati pawo pali mipata yokwana anthu ena, ndipo m'mipatamo dothi linkatembenuka.

Mayi Chikopa anatiitana pakhonde. Maso awo anali ofiira.

"Tikupakira," anatero. "Kanema si moyo wa munthu. Odwalawa tiwatengere kuchipatala, ife tizipita."

"Kuchipatala mukawamanga ndi chiyani, mayi?" anafunsa a Muhaniwa. Anali atavula chipewa, akuchipinda m'manja. "Ine zinthu izi ndakhala ndikuzitsutsa paguwa zaka zambiri. Koma lero ndinena zimene abambo anga ankanena. Kumunsi kuja kunali munda wa thangata. Nthawi ina mvula inagwa masiku atatu osakata, anthu anapempha kuti akwere kumtunda. Bwana wa nthawi imeneyo anati asaweruke munthu iye asananene, n'kukwera hatchi kupita ku boma. Napolo anatsika masana. Miyala mukuionayo ndi imene anabwera nayo. Bwanayo sanabwerenso kudzanena kalikonse."

Ndinamasulirira a Kovariki zonse. Anayang'ana manja awo.

"Mawu aja ndinawatenga m'nkhani za anthu akale," anatero mayi Chikopa motsitsa. "Sindinadziwe kuti ananenedwa pompano."

"Ndiye mwawadzutsa, mukufuna muwasiye ali pantchito," anatero a Muhaniwa. "Mdzukulu wanga akuyamwa madzi a shuga."

A Kovariki anaimirira. "Ndinawaitana ndine. Ndikawawerutsa ndine."

Mayi Chikopa anakana. Anati mtima wa a Kovariki ndi wodwala, amamwa mapiritsi kawiri pa tsiku, ndipo njira ya kumunsi ndi yoterera.

"Mwana wanga," anatero a Kovariki, "zaka makumi asanu ndakhala munthu wolowa, kunena mawu awiri, n'kutuluka kuti nkhani ya ena ipitirire. Ntchito imene ikufunika apa ndi yomweyo. Palibe wina pano woidziwa kuposa ine." Anatembenukira kwa ine. "A Namakhwa, sitani jekete lija. Ndipo mundiphunzitse mawu."

Tinakhala pamakina anga kuyambira mmawa wa Lamulungu. Mawu anali ochepa: "Werukani! Ntchito yatha! Pitani kwanu!" Koma iwo anafuna owonjezera. Anafuna kudziwa mmene munthu amapepesera anthu akuluakulu, ndipo ndinawaphunzitsa. A Muhaniwa atamva anapukusa mutu.

"Bwana wopepesa sakamudziwa. Akadziwa mawu amene anawatumiza kumunda."

Masana chiperoni chinatsika. Inu mukuchidziwa chiperoni cha kuno, chija chimasandutsa usana kukhala chisisira, munthu osaona dzanja lake. Mayi Chikopa anati tidikire mawa. A Kovariki anati Felesiya sangafike mawa. Anameza piritsi, anavala jekete ndi chipewa, n'kugwira ndodo. Kamera anati itsale.

Tinatsika atatu, a Muhaniwa patsogolo, a Kovariki pakati, ine pambuyo. Musandiyese wolimba mtima. Koma mawu amene anadzutsa anthuwo anawongoledwa pamakina anga, ndipo ndinaona kuti ndikatsala, sindidzathanso kuyang'ana a Muhaniwa kumaso. A Kovariki anaterereka kawiri. Kachiwiri anakhala pansi kanthawi akupuma movutika, dzanja pachifuwa. Ndinati tibwerere. Anangondipatsa mkono kuti ndiwadzutse.

Tisanafike tinayamba kuwamva. Khu, khu, khu, makasu ambirimbiri akugwa nthawi imodzi. Panalibe nyimbo, panalibe kutsokomola kapena kulankhula. Fungo linali la dothi lonyowa ndi thukuta lakale. Titaima pamwala wa m'mphepete mwa munda tinaona Felesiya ndi anzake awiri ngati zithunzithunzi. Kupitirira iwo, nkhungu inkayenda mwachilendo, kuwerama ndi kuweramuka.

A Kovariki anakwera pamwala. Analankhula ndi mawu awoawo, ofatsa, achisoni.

"Werukani. Ntchito yatha."

Khu, khu, khu. Palibe chinasintha.

Anabwerezanso, mochonderera. Makasu anapitirira. Koma kuzizira kunayamba kutiyandikira, ndipo ndinamva mkono wanga wamanja ukulemera, zala zikupindika zokha ngati zagwira mpini. Nditayang'ana a Muhaniwa ndinaona atawerama kale msana, maso akuyamba kuyera.

"Bambo!" ndinakuwa. "Akutitenga!"

A Kovariki anatseka maso. Anapuma kamodzi, mozama. Ndinaona ndi maso angawa msana wowerama uja ukuwongoka, chibwano chikukwera, pakamwa pakupotoka monyoza. Atatsegula maso, ine ndemwe ndinafuna kugwada. Anamenya ndodo pamwala mpaka inathyoka.

"Werukani! Mwagontha? Ntchito yatha! Pitani kwanu!"

Mawuwo anagunda phiri n'kubwerera katatu.

Kunangoti zii. Kenako tinamva khasu limodzi likugwa pansi, lina, lina, mpaka kunali ngati matalala padenga. Mkono wanga unamasuka. A Muhaniwa anaweramuka akupuma ngati munthu wovuuka m'madzi. Felesiya anagwa chagada m'mizere n'kuyamba kulira mokweza, kuitana mwana wake.

Pamenepo a Kovariki anavula chipewa n'kuchiponya pansi. Anatsika pamwala, n'kugwada m'matope, mawondo okalamba aja akulira. Anawomba m'manja katatu mmene ndinawaphunzitsira.

"Pepani, akuluakulu. Tinakulakwirani. Yendani bwino."

Sindinganene kuti ndinaona nkhope. Chimene ndinamva ndi mphepo yodutsa pambali pathu pang'onopang'ono, mosiyanasiyana, ina yolemera, ina yopepuka, ina yotsimphina. Udzu unkagona n'kudzuka. Ina inalowera njira ya kumidzi, yambiri inalowera kum'mawa, kumalire, kumene makolo ambiri a kuno anachokera. Zinatenga nthawi. Ife tinangoweramitsa mitu.

A Muhaniwa anathamangira mpongozi wawo ndi anzake aja. Ine ndinadzutsa a Kovariki. Nkhope yawo inali yotuwa ngati phulusa. Tinali titatembenuka kuti tizikwera pamene tinamva.

Khu. Khu. Khu.

Khasu limodzi lokha, kutali kumapeto kwa munda, likugwa mochedwa, motopa.

"Tiyeni, bambo," ndinatero. "Mwachita mbali yanu. Ameneyo asiya yekha."

"Mawa atenganso wina," anayankha. Anachotsa dzanja langa pamkono wawo. "Dikirani pano."

Analowa m'nkhungu. Ndinamva mapazi awo akumira m'dothi mpaka anazilala. Khasu lija linaima. Ndinamva mawu a a Kovariki, motsitsa, ngati munthu akufunsa kanthu. Sindinamve woyankha. Panapita kanthawi, kenako khasu linayambanso, koma kalimidwe kake kanali kena. Linkagwa mopotoka, nthawi zina kugunda mwala, nthawi zina kuphonya. Pakati pake pankamveka kupuma kwa munthu wamoyo, kwa nkhalamba imene sinagwirepo khasu chibadwire.

Ndinafuna kuwatsatira, koma a Muhaniwa anandigwira malaya. "Asiyeni. Si zathu izo."

Tinadikira pafupifupi ola lathunthu. Kawiri konse khasulo linaima nthawi yaitali moti ndinati basi, munthu uja wagwa. Kawiri konse linayambanso. Pomaliza linaima, ndipo nkhungu inayamba kung'ambika kuchokera kumtsinje.

Anatulukira akudzandira, jekete langa lili matope okhaokha, manja atawatambasula kutsogolo. Zikhatho zinali zitasupuka, magazi akutsikira m'mikono. Anakhala pamwala, ndinawapatsa madzi.

"Anali ndani, bambo?"

"Munthu wamkulu. Wamkulu kuposa ine." Anamwa madzi. "Anamva bwinobwino kuti taweruka. Koma mzere wake unali pakati, ndipo sanafune kuusiya choncho. Mphamvu zinali zitamuthera. Ndiye anandipatsa khasu."

"Analankhula nanu?"

"Sipanafunike kulankhula." Anayang'ana manja awo, n'kumwetulira pang'ono. "Ndikuganiza kuti sanakondwe ndi kalimidwe kanga. Koma anapita."

Tinawanyamula pamachira a nsungwi kukwera nawo kumtunda. Anagona kuchipatala masiku anayi. Felesiya anayamwitsa mwana wake madzulo omwewo, ndipo mpaka lero sakumbukira kanthu, koma zipsera za m'manja ali nazo. Mayi Chikopa anafuna kuti mbali yotsala ya bwana aichotse, koma a Kovariki atatuluka m'chipatala anafika pantchito nthawi yake. Ndinawasokera magolovesi achikopa obisa mabandeji, ndipo tinamalizira kujambula pabwalo la sukulu ina, kutali ndi Namisinje.

A Kovariki anamwalira kwawo patatha zaka ziwiri, ali pakati pokonzekera kanema wina. Mayi Chikopa ndi amene ananditumizira uthenga. Anati manyuzipepala a kumeneko analemba mizere yochepa, kutchula makanema awo odziwika, ndipo ina inalakwitsa kalembedwe ka dzina lawo.

Mwezi wathawu ndinatsikira kumunsi kuja ndi a Muhaniwa. Tchire linabwerera, minga yakwirira mizere yonse yowongoka ija moti simungadziwe kuti panadutsa khasu. Koma kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mtsinje, pali mzere umodzi umene udzu sumerapo. Theka lake ndi lowongoka bwino, la munthu wodziwa ntchito. Theka linalo ndi lokhotakhota, lokwera ndi kutsika, loti mlimi aliyense angaseke. A Muhaniwa anaima pamenepo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.

"Wokhota ndithu," anatero. "Koma unafika kumapeto."